Chipilala Chopanda Pulasitala

Chaka chimene ndinafika ku Dublin n'chomwe kwathu anayamba kuumba njerwa za tchalitchi chatsopano. Chakale chija, cha m'mudzi mwathu kumapiri a Dedza, chinali chitatopa. Khoma lakumbuyo linkachita kutsamira mitengo, ndipo mvula ikagwa Misa ili mkati anthu ankasamuka ndi mabenchi awo kuthawa modontha. Ababa anga ndiwo anasankhidwa kukhala wapampando wa komiti yomanga. Pa nkhani za mpingo sankafuna zamasewera. Ngakhale pa ukwati wa mpingo wina, asanagwire chakudya ankachita chizindikiro cha mtanda chachikulu, chochokera pachipumi mpaka pamchombo, kuti aliyense adziwe mbali imene iwo ali.

Kwathu tchalitchi sichimangidwa ndi alendo. Mphakati uliwonse umapatsidwa gawo lake. Amuna amaponda dothi ndi kugwira chikombole, akazi amatunga madzi ndi kusenza njerwa kupita nazo pa uvuni, agogo amene sangathe zonsezi amakhala pamthunzi n'kumalera makanda a anthu. Amene sanabwere amadziwika. Palibe amamukalipira, koma tchalitchi chikatha, anzake akamati "tinamanga", iye amayang'ana pansi.

Ine ndinali kutali, m'nyumba ya anthu odikira mapepala kufupi ndi Finglas. Ndinabwera kudzapempha malo okhala, ndipo chimene chinandichotsa kwathu ndi nkhani ina imene sindiyiyamba pano. Masiku amenewo sindinkaloledwa kugwira ntchito, choncho ndinalibe choti nditumize. Ndinkangokhala, kudya pa nthawi yoikidwa ndi ena, kuyang'ana mvula pawindo. Achimwene anga akanditumizira zithunzi za anzanga amene ndinakula nawo atasenza ndowa, miyendo ili matope okhaokha, ndinkachita nsanje yeniyeni. Ine amene ndili mtsikana ndinkanamizira mutu pothawa kuchitsime, tsopano ndinkalira ndowa. Ndinkaopa kuti tchalitchi chidzatha mulibe dzanja langa, ndipo tsiku lobwerera ndidzaima pakhomo pake ngati munthu wodzafunsa njira.

Ndinadandaula zimenezi pa foni. Ababa analibe foni yawoyawo, ankalankhulira pa ya achimwene, ndipo ankakuwa ngati ndili kutsidya la dambo.

"Iwe, usamalire zopanda pake," anatero. "Ntchito ilipo. Wansembe amene anandibatiza ine anali wa kumeneko. Ankatiuza kuti kwawo kuli tchalitchi chachikulu cha aepiskopi, mayi wa matchalitchi onse a mumzindawo. Upite ukachione bwinobwino, utiuze mmene kumaso kwake kulili, ife titengereko. Ife tili ndi manja, iwe uli ndi maso. Gawo lako ndi limenelo."

Mawa lake ndinavala ngati ndikupita kofunsira ntchito, n'kukwera basi ya m'tauni. Sindinafunse munthu njira. Ndifunsiranji? Ili ndi dziko limene linkatitumizira ansembe, ndiye tchalitchi chachikulu kuposa zonse chingakhale cha ndaninso? Ndinawoloka mtsinje, ndinayenda mpaka ndinaona nsanja yosongoka itatulukira pamwamba pa nyumba. Tchalitchi chake chinali cha miyala yotuwa, mawindo ake osongoka ngati mikondo, pambali pake pali bwalo la kapinga ndi maluwa. Ndinajambula kutsogolo, m'mbali, nsanja payokha. Ndinalowanso pa mapemphero a madzulo, ndipo oyimba atavala mikanjo anayimba mpaka tsitsi linandiima. Madzi odalitsidwa pakhomo sindinawaone, koma ndinati mwina amawachotsa chifukwa cha kuzizira. Ndinagwada bondo limodzi ndekhandekha ndisanalowe m'benchi, n'kumamvera chisoni azungu kuti chisanu chinawaononga mawondo.

Zithunzizo zitafika kumudzi, achimwene anati foni yawo sinagone m'thumba. Inayenda khomo ndi khomo. Komiti inakhala pansi n'kugwirizana kuti nafenso timange nsanja, ngakhale yaifupi, ndipo anyamata anayamba kukumba dzenje la maziko ake. Ababa ankauza aliyense kuti pulani yachokera kwa mwana wawo. Ine kuno ndinkayenda monyada m'makonde a nyumba ya odikira ija ngati ndine mmisiri.

Amene anandidzutsa ndi mnzanga wina wa ku Zambia, namwino pachipatala chachikulu cha ku St James's. Tinadziwana m'sitolo yogulitsa ufa ndi usipa, ndipo tsiku lina tikumwa tiyi kwawo ndinamuonetsa zithunzi zija modzitama. Anaziyang'ana, anandiyang'ana, kenako anaika kapu pansi kuti asatayire tiyi.

"Sister, iyi ni cathedral ya ba Anglican. Nindani anakuuza ati ni yanu?"

"Ayi, ndinalowamo ine. Muli makandulo, muli guwa, muli zonse."

"Na enve bali nazo. Yanu ili ku side ina ya river, kumbuyo kwa ma shops. Ungapite pamenepo na kuipitilila osaiona."

Anaseka mpaka misozi. Ine sindinaseke. Ndinkaona dzenje lija kumudzi ndi anyamata ali m'kati, makasu m'manja. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadyetsanso mudzi wonse.

Ndinaimba tsiku lomwelo. Ndinawauza ababa zonse, nkhuku zikulira kumbuyo kwawo.

"Ndiye kuti ifeyo timamanga tchalitchi cha Aangilikani ndi njerwa za Akatolika?"

"Pepani ababa."

"Pepani sakwirira dzenje. Pitanso. Ulendo uno ufunse, pakamwa uli napo."

Ndinapitanso, ndipo ndinafunsa. Anandilozera kamsewu kopapatiza kuseri kwa msewu waukulu wa mumzinda. Nditafika ndinakhumudwa, sindibisa. Panalibe nsanja, panalibe bwalo, panalibe kapinga. Tchalitchi chinangofinyikira pakati pa nyumba zina, sitima ya mumsewu ikudutsa pakhomo penipeni uku ikuliza belu lake. Chikanapanda zifanizo zitatu zoimirira pamwamba, cha Amayi Maria pakati, ndikanati ndi khoti. Kutsogolo kwake kunali khonde lalitali la zipilala zisanu ndi chimodzi, zonenepa, zamizeremizere kuchokera pansi mpaka pamwamba, zitanyamula denga la nsonga ngati kumaso kwa nyumba ya malata. Ndinayesa kujambula, koma msewuwo ndi wochepa. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda mpanda wa tsidya lina, chonse osakwana m'chithunzi.

M'kati ndi mmene mtima unakhala pansi. Pakhomo panali madzi odalitsidwa, ozizira mpaka m'mafupa. Kutsogolo kunkayaka kanyali kofiira kaja. Zipilala zina zinandanda mbali ziwiri mpaka zinakazungulira kuseri kwa guwa, ndipo pamwamba denga linafufuma mozungulira ngati mphika wovundikira, kuwala kukulowera pamenepo. Sinali nthawi ya Misa, koma munali anthu: amayi wina ndi majumbo a kumsika, bambo wina akuwodzera pakona, mtsikana wovala yunifolomu ya kuntchito akuyatsa kandulo mothamanga. Munkanunkha phula ndi majasi onyowa. Ndinagwada, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni ndinapemphera m'Chichewa momveka, osasamala kuti wina andimva.

Ababa sanakhutire ndi zithunzi zoduladula. Ankafuna kudziwa kunenepa kwa chipilala. Ndinalibe tepi, koma ndinali ndi zitenje ziwiri zimene ndinabwera nazo. Ndinazimanga mfundo, ndinakwera masitepe a khonde lija, n'kuyamba kulimbana ndi chipilala. Ndikagwira uku, uko kwagwa. Ndikathamangira uko, mphepo yachotsa uku. Ndili pakalikiliki choncho, ndinamva wina wagwira nsonga inayo. Anali agogo ena achizungu, aafupi, atavala chipewa choluka, kolona ili m'dzanja.

"Ukufuna kuchiveka kapena kuchiba?" anandifunsa m'Chingelezi chawo chothamanga.

Ndinawafotokozera zonse, za njerwa, za nsanja, za dzenje. Anaseka, koma osati ngati mnzanga uja. Anati si ine woyamba kusochera. Tinazunguliza zitenje zija limodzi, kenako anandikokera pa sitepe kuti tikhale, ngakhale mwala wake unali wozizira.

Anandiuza kuti matchalitchi akuluakulu akale aja poyamba anali a Akatolika, koma kalekale olamulira atasintha mpingo, matchalitchiwo anapita nawo. Kwa mibadwo yambiri Akatolika a dziko lino ankapemphera mobisala, m'tinjira ta kuseri, m'mashedi, ena kumidzi ankachitira Misa pamwala kutchire wina akulondera. Malamulo atayamba kufewa, anafuna kumanga tchalitchi chawo pa msewu waukulu, koma anaopa kuputa mkwiyo wa olamulira, ndiye anabwerera nacho kuseri kuno. Anachimanga motengera akachisi akale a Agiriki, ndipo amene anajambula pulani yake mpaka lero sakudziwika bwino. Khonde linawonjezedwa pambuyo pake. Pansi pake pali zipinda zimene anagonekamo akufa. Ndipo pochimanga ankati n'chongoyembekezera, chenicheni adzamanga zinthu zikadzakhala bwino. Agogo awo anabatizidwira momwemo akudikira chenichenicho, amayi awo anakwatitsidwira momwemo akudikira, iwonso anakalambira momwemo. Posachedwapa m'pamene akuluakulu a mpingo anavomereza kuti chenichenicho ndi chomwechi, koma tsiku limene tinkacheza lija chinali chikadali choyembekezera.

Ndinawauza ababa zonsezi, osasiyako. Pa nkhani ya matchalitchi akale aja anandidula.

"Ukuti chija unajambula poyamba chinali chathu?"

"Kalekale, ababa. Agogo a agogo athu asanabadwe."

"Ndiye sunalakwitse iwe. Unangochedwa."

Mawu amenewo ndi amene anakaimira nawo pamaso pa komiti, ndipo achimwene anati anthu anaseka mpaka kuiwala kukwiya. Za nsanja zinathera pomwepo. Dzenje lija analisandutsa mosungira madzi omangira. Ababa anakonda khonde. Anati tchalitchi chakale chinkazunza amayi a makanda olira, ochedwa, ndi amene anaimitsidwa masakramenti koma safuna kukhala kunyumba, chifukwa onsewa ankaima padzuwa ndi pamvula. Kunenepa kwa zipilala mmisiri anakukana, anati zipilala zonenepa zitenje ziwiri zingamalize uvuni wonse. Anamanga zochepa thupi, zanjerwa, zamakona anayi. Koma chiwerengero chake ababa sanalole kuti chisinthe.

Kumanga kunatenga zaka, monga mmene zimakhalira kwathu: chaka cha njala ntchito imaima, chaka chokolola imayenda. Inenso kuno zinthu zinasintha. Mapepala anatuluka, ndinapeza ntchito yosamalira okalamba ku Crumlin, ndinapeza kachipinda kangakanga. Anandipatsanso chiphaso choyendera chimene chimandilola kupita dziko lililonse kupatula limodzi. Dziko limodzilo ndi lomwe ndinkalifuna. Ababa sindinawauze bwino zimenezi. Akafunsa kuti ubwera liti, ndinkati chaka chamawa, iwo n'kuti chabwino, ndipo tonse tinkapitiriza nkhani zina.

Lamlungu ndikakhala kuti sindili pa ntchito ndinkapita kutchalitchi cha kuseri chija. Ndinkamvera ana oyimba Chilatini, mawu awo akukwera m'denga lozungulira, zokoma ndithu, koma mapazi anga ankafuna ng'oma. Pa mtendere anthu ankangogwedezerana mitu. Ndinkalakalaka dzanja lokhakhala la munthu wolima, ndi mafunso aja a pambuyo pa Misa, akuti mwadzuka bwanji, nanga ana, nanga mwendo uja. Kuno Misa ikatha anthu amatuluka ngati m'basi. Ndinkatsalira pakhonde, kutsamira chipilala, kuyerekeza kuti kwathu nthawi imeneyo atuluka kale ndipo akugulitsana zitumbuwa pansi pa mtengo.

Pofika popaka pulasitala, komiti inagawa zipilala. Miphakati yathu ndi isanu, ndiye uliwonse unatenga chimodzi. Anagwirizana kuti mwini chipilala ndiye aziponya chipande choyamba cha simenti, kenako mmisiri n'kumaliza. Chinatsala chimodzi, chakumapeto. Ababa anaimirira n'kunena kuti chimenecho ndi cha mwana wawo, amene anabweretsa khonde, ndipo palibe achikhudze mpaka mwiniwake atafika. Atandiuza ndinalira m'basi, anthu akundiyang'ana. Ndinali ndi chipilala. Ndinali m'gulu la onena kuti tinamanga.

Zisanu zija zinapakidwa, zinapentedwa zoyera. Changa chinatsala njerwa zokhazokha. Aepiskopi atabwera kudzadalitsa tchalitchi, amayi a mpingo anachikulunga zitenje kuti chisachititse manyazi. Wansembe wa parishi anayesa kulankhula ndi ababa, akomiti anayesa, mayi anga aang'ono anayesa. Yankho linali limodzi: mwiniwake akubwera chaka chamawa. Ndipo ine, kunena zoona, ndinkasangalala. Ndinkati bola chikhale choncho, chonyansa, aliyense wolowa azikumbukira kuti pali wina amene sanafike.

Koma njerwa za kwathu zimamangidwa ndi dothi, ndipo chipilala chakumapeto ndi chimene chimalandira mvula yonse ya mphepo. Dzinja lina linadutsa, linanso linadutsa. Kenako achimwene ananditumizira zithunzi zojambulira pafupi. Dothi la pakati pa njerwa linali litakokoloka moti munthu n'kulowetsa zala. Njerwa zapansi zinali zitayamba kufumbutuka. Pamwamba pake panali mtanda wonyamula malata a khonde, ndipo pakhondepo ndi pamene ana a katekisimu amakhala Loweruka lililonse.

"Achemwali, alankhuleni ababa," anatero achimwene. "Ife atikana tonse. Mmisiri akuti dzinja likubwerali sichipirira. Amva inu nokha."

Ndinakhala nazo sabata yonse. Ndikusambitsa agogo a kuntchito, ndikuwadyetsa, ndikuwapesa, mutu unali pa chipilala. Ndinakwiyira achimwene chifukwa chondisenzetsa katunduyo. Ndinakwiyira mvula, mmisiri, ndi amene analemba malamulo a ziphaso. Ndinayesa kuganiza njira zina, zoti achikutire pepala la pulasitiki, kapena aike mtengo wothandizira, koma ndinkadziwa kuti ndikungozemba. Ababa sankadikira simenti. Ankadikira ine, ndipo ine ndinkawasunga pa chaka chamawa chimene ndinkadziwa kuti kulibe.

Ndinaimba Lamlungu masana nditatuluka mu Misa, nditaima pakhonde lomwe lija chifukwa kunja kunkawaza. Achimwene anapereka foni. Tinapatsana moni, anandiuza za mbuzi imene inaswa, za maliro a kumudzi woyandikana nawo, za bondo lawo. Mawu awo anali atachepa, sankakuwanso ngati kale.

"Ababa, chipilala chija pakani."

"Chipilala chiti?"

"Changa. Chikugumuka. Chidzagwera ana."

"Tachitchinga ndi mitengo. Ukabwera udzaponya wekha, mmisiri adzamaliza tsiku lomwelo. Si ntchito yaikulu."

"Muponye inuyo m'malo mwanga."

Sitima inadutsa, belu lake likulira, ndipo ndinatseka khutu linalo ndi chala kuti ndisaphonye mawu awo.

"Ndiye kuti sukubwera," anatero.

"Sindikubwera, ababa. Chaka chamawa ayi. Chinacho sindikudziwa. Pepala limene ndili nalo silindilola, ndipo sindikudziwa kuti lidzandilola liti."

"Unadziwa liti zimenezi?"

"Kale."

"Inenso ndinadziwa kale," anatero. "Ndimati mwina ukachiona chili choncho upeza njira."

Ndinangomva akupuma. Kenako anati, "Chabwino. Tigula simenti." Sanandiuze kuti ndivale zofunda, sanandiuze kuti ndipemphere, monga ankachitira potsanzika nthawi zonse. Anangopereka foni kwa achimwene, ndipo ndinamva ndodo yawo ikugogoda pansi akuchoka.

Achimwene anandiuza kuti ababa anaponyadi chipande choyamba. Anavala jekete lawo la Misa, anaponya, anapukuta manja, n'kubwerera kunyumba osadikira kuti mmisiri amalize. Patapita milungu ingapo kunabwera chithunzi. Ndinachitsegula pa nthawi yopuma kuntchito, nditakhala m'kachipinda kathu komwera tiyi. Achimwene anachijambulira patali, kumsewu, chifukwa kwathu malo obwerera m'mbuyo alipo ambiri. Kanali koyamba kuona tchalitchi chonse m'chithunzi chimodzi: malata akuwala, khonde lalitali, ana atakhala pamthunzi, phiri lathu kumbuyo. Chinali chokongola. Zipilala zonse zisanu ndi chimodzi zinali zoyera, zosalala, zofanana.

Ndinachikulitsa ndi zala, ndinayang'ana chakumapeto kumanja, ndinayang'ana chakumapeto kumanzere. Zaka zonsezi ankangonditumizira zithunzi zapafupi, ndipo ine sindinafunsepo kuti changa chili mbali iti. Ndinayang'ana mpaka mnzanga anabwera kudzandiuza kuti nthawi yatha. Mpaka lero sindikudziwa kuti changa ndi chiti, ndipo ababa sindingawafunse.